Mkazi wa Kefasi

Kumudzi kwawo kwa Tabeth, kuseri kwa mishoni ya Guilleme, anthu ankasowa pomuika. Amayi apabanja akamaseka za amuna awo pachitsime, iye akangotulukira nkhani inkazilala. Amayi amasiye akamagawana ntchito kutchalitchi, dzina lake ankalidumpha, poti mwamuna wake sanamwalire. Nanga anamwalira liti, maliro ake analira ndani? Tabeth anali mkazi wa Kefasi basi, ndipo Kefasiyo anali atasowa zaka zoposa khumi.

Musaganize kuti anathawa banja, ayi. Kefasi ankachita geni yapanjinga. Ankatenga shuga pa Mchinji boma n'kukagulitsa ku Chipata, pobwerera n'kunyamula sopo ndi zitenje. Tsiku lina nthawi yokumba mtedza, Landirova yopanda nambala inaima pamsewu, n'kutsikamo amuna ovala majekete dzuwa likuswa mtengo. Anamupeza Kefasi m'munda ali ndi mkazi wake. Anamuuza mwaulemu ndithu kuti akufunika akayankhe timafunso pang'ono, ndipo mmodzi wa iwo anatembenukira kwa Tabeth n'kumuuza kuti asadandaule, bambowa abwera madzulo. Madzulo akewo sanakwane mpaka boma linasintha.

Chimene analakwa palibe anachidziwa. Ena ankanong'ona kuti anakulunga sopo m'nyuzipepala ya ku Zambia momwe munalembedwa zonyoza boma, munthu woti Chingerezi chake chinkathera pa paketi ya shuga. Ena ankati anapatsa moni munthu wolakwika pamsika wa ku Chipata. Masiku amenewo munthu sunkafunsa, chifukwa ukafunsa Landirova inkabweranso. Tabeth anali atangokhala m'banja mvula ziwiri. Kamwana kawo kanamwalira ndi chikuku chaka chotsatira, ndipo anatsala yekha m'nyumba imene Kefasi anamanga pachikamwini, kumalima, kumakolola, kumadikira.

Matipate atabwera, ndende zinatsekuka. Wailesi inkatchula maina a anthu otulutsidwa, ena oti abale awo anawaiwala kalekale. A Stelia, mlongo wake wamkulu wa Kefasi amene anamulera mayi awo atamwalira, anazira nyumba yonse n'kuchapa bulangete latsopano. Anthu anatuluka, ena akutsimphina, ena opanda mano, koma Kefasi sanaoneke. Tabeth apo m'pomwe mtima wake unamuuza kuti munthu uja kulibe. A Stelia mtima wawo unawauza zina, kuti ngati ena atuluka patapita zaka zonsezi, ndiye kuti mlongo wawo ali m'kandende kena kobisika komwe boma latsopanoli silinafikeko.

Ndiye kunabwera Dickson. Ameneyu anali kalipentala wa mabenchi a pamishoni, wofatsa mpaka kukwiyitsa, mkazi wake atamwalira n'kumusiyira ana atatu. Anayamba ndi kukonza chitseko cha Tabeth chomwe sichinali chowonongeka kwenikweni, kenako windo, kenako mpando, mpaka m'nyumbamo munasowa chokonza. Pamenepo m'pomwe analimba mtima n'kunena mawu ake. Tabeth anamukonda, tisabise. Anali atadutsa zaka makumi atatu, ndipo ankafunitsitsa kuberekanso mwana nthawi isanamuthere.

Koma mkazi wa mwini sakwatiwa. Mwamuna akamwalira pamakhala maliro, pamakhala kumeta, kenako akuchimuna amamusudzula mkaziyo, kumumasula kuti apite akakwatiwe kumene akufuna. Popanda maliro palibe kumeta, popanda kumeta palibe kusudzula. Abambo mfumu a pamishoni anamumvera chisoni Tabeth, koma anamuuza kuti sangadalitse ukwati wina pokhapokha zitadziwika kuti mwamuna woyamba anamwalira, ndipo eni ake a munthuyo avomereze. Eni akewo anali a Stelia, popeza amalume onse anali atatha.

Ankhoswe a Tabeth anapita kukagwada kwa a Stelia, ndipo anabwerako makutu akuwawa. Mayi aja pakamwa sankasungapo kanthu. Anati mlamu wawoyo ngati magazi akumuyabwa angopita kwa kalipentala wakeyo usana ukuona, koma asawapemphe iwo kuti alire maliro a munthu wamoyo. Anati kulira munthu ali moyo n'kumupha, ndipo iwo sadzapha mwana amene anamubereka kumsana. Abwere munthu woti anaona ndi maso ake, apo ayi boma lomwe linamutengalo linene. Tabeth anakwiya, koma pansi pa mtima sankatha kudana nawo. Ankadziwa kuti mayiwo akamva njinga ikulira belu kumsewu amasiyabe chimene akuchita n'kusuzumira.

Choncho anaganiza zokafunsa boma. Si paja pawailesi ankati zinthu zasintha, boma lino n'lopanda chinsinsi, aliyense ali ndi ufulu wodziwa? Anavala chitenje chake chabwino n'kupita pa Mchinji boma. Ofesi yoyamba inamutumiza ku yachiwiri, yachiwiri inati bwana apita kumsonkhano. Anabwereranso sabata ina, n'kubwereranso ina, mpaka mesenjala wa pakhomo anayamba kumupatsa moni ngati mnansi. Pomaliza anamulowetsa kwa bwana wina wachinyamata wa tayi yofiira, amene anamumvetsera bwino ndithu, n'kulonjeza kuti afunsa kulikulu ku Lilongwe.

Yankho linabwera chimanga chitauma. Bwanayo anamufotokozera maso ali pathebulo, kuti akuluakulu anena kuti nkhani za anthu amene anatengedwa ndi a zachitetezo nthawi imeneyo zikukhudza chitetezo cha dziko. Sangavomere kuti munthuyo anamusungapo, sangakanenso. Aphungu ku Nyumba ya Malamulo akukambirana zokhazikitsa komiti yoti iziyang'anira anthu amenewa, ndiye mwina komitiyo ikadzakhalapo zidzadziwika. Tabeth anafunsa kuti dziko lingagwe bwanji iye atadziwa ngati mwamuna wake wogulitsa shuga ali moyo. Mnyamatayo anangoti pepani mayi, nayenso sakudziwa, zimenezi zili pamwamba pa mutu wake. Abale inu, chitetezo cha dziko! Dziko lonse la Malawi kuopa mayi mmodzi wa mapazi ong'aluka.

Atatuluka, miyendo inamutengera kusitolo ya Che Mwamadi, kumene Kefasi ankagula shuga wake kale. Mkuluyo anali atakalamba, koma anamuzindikira, n'kumupatsa mpando ndi madzi akumwa. Atamva zonse anasuzumira panja, kenako anatsitsa mawu ngati kuti akadali masiku akale aja. Anati kuseri kwa msika kuli chigayo cha a Greyson. A Greysonwo asanagule chigayo ankagwira ntchito ija ya majekete, ndipo Landirova imene inkayenda m'midzi ya m'malire nthawi imeneyo iwo sankasowamo. Anamupempha kuti asatchule kuti wamva kwa ndani.

Tabeth anapita mawa lake atasenza kathumba ka chimanga, ngakhale kuti kwawo chigayo chinalipo. Anakhala kumapeto kwa mzere, ndipo aliyense wobwera pambuyo pake ankamuuza kuti atsogole. Ankayang'ana mwini chigayo, bambo wamtali wowerama msana, ufa uli mbuu m'nsidze ndi m'makutu momwe. Nkhope sanaizindikire. Koma injini itazima bamboyo n'kumufunsa ngati akufuna woyera kapena mgaiwa, anamudziwa. Mawu aja anali omwewo amene anamuuza m'munda wa mtedza kuti asadandaule.

Sanazungulire. Anatchula dzina la mwamuna wake, mudzi wake, ndi chaka. A Greyson anakhala ngati sanamve, anayamba kupukuta lamba wa injini yemwe sankafuna kupukuta. Kenako anatseka chitseko cha malata theka, n'kukhala pathumba la gaga.

Anayankhula motsitsa, mosathamanga. Anati polowa ntchito ija munthu umalumbira kuti zimene waona ndi kumva udzapita nazo kumanda, ndipo potuluka amakulumbiritsanso. Boma limasintha, zithunzi za m'maofesi zimasintha, koma lumbirolo silisintha. Anzawo ambiri akadali pantchito, anangosintha mabwana, ndipo nthawi zina amadutsa pachigayopo kudzawapatsa moni, moni woti munthu umamva tanthauzo lake. Mnzawo wina anayankhula ndi mtolankhani, lero penshoni anamulanda ndipo mlandu uli kukhoti. Iwo ali ndi ana asukulu, alinso ndi matenda a shuga, ndende sangaithe.

Tabeth anagwada pasimenti ya ufa ija, chinthu chimene sanaganizepo kuti angachitire munthu ameneyu.

"Bambo, sindikufuna dzina la amene anachita, sindikufuna kudziwa malo. Sindikupita kukhoti ine. Mungondiuza ngati ndili mkazi wa mwini kapena wamasiye."

"Mayi, ngakhale zimenezo sindinganene."

"Koma kundiuza kuti abwera madzulo munatha."

A Greyson anadzuka, analiza injini, anagaya chimanga chija mosamala ngati cha mfumu. Pomusenzetsa thumba anamufunsa kuti kwawo kwenikweni kwa amuna akewo n'kuti, ndipo mwini mbumba ndani. Tabeth anawayankha mokalipa kuti njira akuidziwa, sanasochere ulendo woyamba uja. Komabe anatchula dzina la a Stelia. Panjira analira ndi ukali, ndipo ufa uja anakaupereka kwa oyandikana nawo nyumba, iye sakanatha kuudya.

Mwezi wa Okutobala unalowa ndi kutentha kwake. Dickson anabwera tsiku lina dzuwa litapendeka, n'kukhala pampando womwe anakhoma yekha, chipewa chili pabondo. Anafotokoza movutikira kuti amalume ake amupezera mkazi ku Kapondo. Ana akuvutika, wamng'ono uja akudwaladwala, ndipo munda sangauthe yekha. Iye wawapempha kuti adikire mpaka mvula yobzalira igwe, koma ikagwa sadzakhalanso ndi chowauza. Tabeth sanamuimbe mlandu. Anamuuza kuti wamva, anamuperekeza mpaka pamtengo wa mango, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtambo uliwonse wochokera ku Zambia unkamudula mtima.

Chizimalupsa chinagwa, fumbi linagona. Lamulungu lotsatira, anthu atabwerako ku Misa, Tabeth ali pakhonde kuswa mtedza wa mbewu, anaona munthu akukankha njinga kulowa pabwalo. Anali a Greyson, atavala jekete lakuda lothina m'mapewa. Pakaliyala anamangapo thumba la ufa, pamwamba pake kamtolo ka nkhuni. Sanapereke moni, sanafunse za moyo. Anangoti awaperekeze kwa eni ake a munthu.

Tabeth anayang'ana ufa uja, anayang'ana nkhuni. Anafuna kufunsa, koma anaona kuti bamboyo milomo waimanga. Analowa m'nyumba, anamanga duku, n'kutsogola. Mudzi wa a Stelia unali kutsidya kwa dambo, ndipo njira yonseyo kunkangomveka tcheni cha njinga.

Anawapeza a Stelia akusankha nyemba pamphasa. Ataona mlamu wawo ali ndi mwamuna wachilendo anayamba kale kunola pakamwa, poganiza kuti ndi nkhoswe ina ya kalipentala. Komabe mlendo ndi mlendo, anatulutsa mpando. A Greyson anaimika njinga, anamasula ufa ndi nkhuni n'kuziika pafupi ndi khomo. Mpando uja sanaukhale. Anavula chipewa, anakhala pansi padothi chapatali pang'ono, miyendo atatambasula, mutu ataweramitsa.

A Stelia anawapatsa moni. Sanayankhe. Anawapatsanso mokweza, poganiza kuti mwina ndi ogontha. Bamboyo anangokhala chete, maso pansi, monga amakhalira amuna pasiwa. Pamenepo manja a mayi aja anasiya kusankha nyemba. Munthu wamkulu wa ku Mchinji safunika kumuuza tanthauzo la mlendo wobwera ndi ufa ndi nkhuni, wokana mpando, wosayankha moni. Anatembenukira kwa Tabeth n'kufunsa ndi maso, ndipo Tabeth anawauza motsitsa kuti awa ndi amodzi mwa anthu amene anabwera ndi Landirova.

Nkhuku zinayamba kujompha nyemba pamphasa popanda woziingitsa. Kenako a Greyson anawomba m'manja mofatsa, katatu konse, n'kunena mawu amene aliyense amanena pamaliro.

"Pepani, mayi. Pepani ndi zovutazi."

"Mukupepesa chiyani pakhomo panga?" anafunsa a Stelia. "Munamuona ndi maso anu? Nenani, munamuona?"

"Mayi, za ntchito ndinalumbira, sindinena kanthu, ndipo mukadzafunsidwa mudzanene kuti sindinanene kanthu. Koma ine ndine munthu wamkulu, ndinabadwira pamudzi ngati inu. Sindinapiteko kukapepesa pakhomo pa munthu wamoyo."

A Stelia anafunsa kuti zinachitika liti. Bamboyo anangowerama. Anafunsa kuti anagona kuti mwana wawoyo, kuti mwina akatenge ngakhale dothi lokha. Anangowerama. Anafunsa ngati anavutika, ngati anatchula dzina la munthu, ngati anamufunditsa kanthu. Misozi inkatsika m'masaya mwa a Greyson n'kumagwera pajekete, koma pakamwa sanatsekule. Tabeth, amene anabwera njira yonse akudana ndi munthuyu, anadabwa kuona kuti akumumvera chisoni. Anali nkhalamba yamantha imene inapalasa njinga mtunda wonsewo kudzachita kachinthu kamodzi komwe inkatha.

Tsopano zonse zinatsalira a Stelia. Akanatha kuwauza kuti anyamule ufa wawo azipita, ndipo Kefasi akanakhalabe wamoyo m'nyumba imeneyo mpaka iwo kufa. Tabeth ankadziwa zimenezi, ndipo sanayerekeze n'komwe kuwayang'ana kumaso. Ankachita manyazi kuti akufunitsitsa mayi wokalamba avomere imfa ya mlongo wake, koma ankafunadi, kunama kulibe phindu.

A Stelia anadzuka mogwira bondo. Anapita pomwe panali thumba lija, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuligwira pakamwa pake ngati akuyesa kulemera kwake.

"Alamu, lowetsani ufawu m'nyumba. Anthu akabwera adya chiyani?"

Atatero anatuma munthu kuti akadziwitse amfumu, popeza maliro salira mfumu isanamve. Anadikira ali chiimire pakhomo mpaka wotumidwayo anabwerera. Ndiye anakhala pansi n'kuyamba. Kulira kwake, inu, kunali kwa zaka zonse zija. Ankaitana Kefasi ndi dzina lake laubwana, ankamufunsa kuti anamva njala kodi, anamva kuzizira kodi, bwanji sanatume ngakhale maloto. Tabeth ankaganiza kuti misozi ya Kefasi inamuthera kalekale, ndipo kuti tsiku limeneli likadzafika adzangopuma. Ananama. Anagwa pamphasa pambali pa mlamu wake, ndipo analira mwamuna wake woseka mokweza uja ngati wamwalira m'mawa womwewo.

Anthu anathamanga kuchokera m'makomo ndi kumadimba. Akuluakulu atamva dzina anavula zipewa n'kukhala pansi. Achinyamata ankafunsana kuti Kefasi ndi ndani, wodwalayo anali nyumba iti. Zitamveka kuti bambo wa jekete lakudayo ndi ndani, amuna ena anayamba kumuzungulira, wina atatola kale mpini. A Stelia anadula kulira n'kuwakalipira kuti munthuyo wabwera kudzapepesa, ndipo aliyense womukhudza achoke pamaliro a mlongo wawo. A Greyson anakhala mpaka dzuwa litatsala pang'ono kulowa, kenako anakankha njinga yawo yopanda katundu n'kumapita. Palibe anawaperekeza.

Maliro anayenda monga amayendera a munthu wofera kutali. Adzukulu anakumba manda pafupi ndi a mayi ake, n'kuikamo thunthu la nthochi lokulungidwa m'nsalu yoyera. Akatekisiti anatsogolera mapemphero, ndipo abambo mfumu atamva kuti eni ake alira, anati nkhani ya Tabeth aitengera kwa akuluakulu a mpingo ndipo sakuona chovuta. Che Mwamadi anatumiza shuga wa tiyi wa anamfedwa. Dickson anabwera ndi amuna anzake a mumpingo, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo sanayang'ane kumene kunali amayi ngakhale kamodzi. Kuchokera kuboma sikunabwere munthu, ndipo kumeneko mpaka lero sanavomere kapena kukana.

Tsiku lometa linafika kumwamba kutada bii, mabingu akugunda chakumadzulo. Achibale anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, amayi achikulire akuwameta mmodzimmodzi. Itafika nthawi ya Tabeth, a Stelia anatambasula dzanja kuti awapatse lezala. Ena anang'ung'udza kuti si iwo oyenera kumeta wamasiye, koma ndani akanalimbana nawo? Anamuuza Tabeth kuti akhale pakati pa miyendo yawo ngati mwana, anamumasula duku, n'kumunyowetsa mutu ndi madzi a sopo.

Ankameta pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira chipumi. Anamuuza kuti zosudzula sachedwetsa, atuma uthenga kwa ankhoswe sabata yomweyo, ndipo kalipentalayo auzidwe kuti asapite ku Kapondo. Anawonjeza kuti mabenchi ake ndi okhota, koma munthuyo akuoneka wamtima.

Kenako lezala linaima. A Stelia anatola tsitsi limene linagwera pachitenje chawo, analiika pachikhatho, n'kuliyandikitsa kumaso. Linali losakanizika ndi loyera, lambiri ndithu, lomwe duku linkabisa. Tabeth anamva dontho lofunda likugwera pamutu pake pometedwa kale, ndipo sinali mvula.

"Alamu," anatero a Stelia, "mlongo wanga anakusiyani mulibe imvi ndi imodzi yomwe."